Siginecha ya Malemu Usman

Denga analichotsa m'mawa, mitambo ya mvula itayamba kale kusonkhana cha ku Chainda. Pamene Sajeni Mwiche Kalumba ankafika pa nyumba ya malemu Usman ku Mtendere, malata onse anali ataunjikidwa pageti, misomali ili mbwee pabwalo, ndipo theka la komboni linali litaima pamsewu kuonerera. Anthu a kuno nkhanza amazikonda, bola zikugwera wina. Palibe ndi mmodzi yemwe amene anatsegula pakamwa kuti aletse. Onse anangokweza mafoni m'mwamba n'kumajambula.

Mwini chipongwecho anali Rex, bambo wa mimba yotsogola amene ntchito yake inali kugula mapuloti m'makomboni n'kumangapo tizipinda ta lendi. M'chiuno mwake munkalira mtolo wa makiyi, kiyi aliyense ali ndi kapulasitiki kachikasu. Anyamata ake anali akadali pamwamba pa nyumba. Rex atamuona wapolisi sanachite mantha, anachita kumuyandikira foni ili m'manja.

"Ba Sajeni, ine sindine kawalala. Nyumba iyi ba Usman bananigulisa beka. Banabwela ku ofesi kwanga bakali na moyo, basaina pa foni yao, ine nikubaona na menso yanga. Pepala ni iyi."

Pepalalo silinali pepala. Linali chikalata cha pakompyuta chogulitsira nyumba, ndipo pansi pake panali dzina la Usman ndi tsiku la sabata yomwe anali asanamwalire. Koma pamwamba pa chikalatacho panali kamtanda kofiira, pamalo pomwe pamayenera kukhala chizindikiro chobiriwira chosonyeza kuti siginecha ndi yabwino.

"Nanga aka kofiila?" anafunsa Mwiche.

"Ah, ni netiweki chabe. Kompyuta ya loya wanga ikana, koma bazakonza."

"Mwachosa malata pa nyumba ya mukazi ofedwa chifukwa cha pepala yamene na loya wanu aikana? Basikiseni banyamata banu manje manje. Na pepala iyo nitumizileni."

M'nyumba anapezamo mayi atakhala pamkeka pakati pa chipinda chochezera, kumwamba kuli ng'amba. Anali Safia, mkazi wa malemu. Iye ndi mwamuna wake anali Asilamu a makolo ochokera ku Malawi, ndipo mayiyu anali m'miyezi ya eda, pamene mkazi wofedwa sadutsa geti la nyumba ya mwamuna wake. Fumbi la padenga linali litamugwera pampango, koma sanalisase. Mwiche anagwada pambali pake n'kuyamba kuyankhula Chichewa cha amayi ake a ku Katete, chomwe ankachisungira akuluakulu.

"Amayi, mvula ikubwera. Simungakabisale kwa aneba?"

"Ine sindituluka, mwanawe. Agwetse ndi makoma omwe. Mwamuna wanga anandisiya muno, ndipo muno ndi momwe ndimulirire mpaka masiku anga athe."

"Malemu anagulitsa nyumba?"

"Usman? Munthu amene anaumba yekha njerwa zimenezi? Foni yakeyo ankasainira za katundu wa m'shopu, osati nyumba. Ndipo foniyo sinaonekenso chichitikire maliro." Anapotoza milomo. "Funsani alamu anga, a Hamdani. Chimangire nyumba ino akabwera amayang'ana kudenga, osati kwa eni ake."

Panthawiyo panalowa mnyamata wamtali atanyamula chipepala cha pulasitiki choti afolere. Anali Mahdi, mwana wawo mmodzi yekhayo. Anapereka moni mwaulemu, maso pansi. Nkhope ya Safia inawala.

"Uyu ndiye wanditsalira. Tsiku la maliro ndi iye ndi a Hamdani amene anasambitsa bambo ake, awiriwiri. Anathamangira kukhitchini kawiri konse, amvekere, 'Mama, wiritsani madzi ena, ababa asamve kuzizira.' Munthu wapita kale, koma mwana akumuopera mphepo! Ndinalira ndikukupiza mbaula."

Mwiche anamva chifundo, ngakhale kuti pantchito yake chifundo anali ataphunzira kuchikayikira. Pamene Mahdi ankatambasula pulasitiki, anaona kuti zala zitatu za dzanja lake lamanzere zinali ndi khungu latsopano, lotuwa mofiirira.

"Kwanja wachita chani?"

"Ni ekizozi ya njinga yamoto, ba Sajeni," anayankha mnyamatayo osatembenuka.

* * *

Kampani yomwe inkapereka masiginecha amenewa inali m'tauni, m'chipinda chozizira ngati mochare. Amene anamulandira Mwiche anali Cephas, bambo wa magalasi amene ankayankhula ndi aliyense ngati akumuchedwetsa kupita kwina. Anatsegula chikalatacho pakompyuta yake uku akutafuna chingamu.

"Ba Sajeni, izi ni za daili. Banthu bakaona ledi bathamangila kuno ati sisitemu yanu yafa. Kambili vuto ni setifiketi yasila mphamvu, munthu sanalipile." Anadina, n'kupukusa mutu. "Awe, ya ba Usman ikali bwino. Olo kapena kompyuta ya uyo loya siitiziba ise, ifunika kuifaka tumafailo twathu. Koma iyi yanga itiziba, na apa ikali ledi."

"Manje chasala ni chani?"

"Chasala ni choipa. Munthu anagwila pepala pambuyo pakuti yasainiwa."

Anafotokoza mosafuna, ngati mphunzitsi wotopa. Siginecha yotere si dzina lolembedwa pansi ayi. Imakhala m'foni ya mwini wake, imatseguka ndi chala chake chachikulu, ndipo ikagwira chikalata imachimanga chonse. Wina akasintha ngakhale kadontho, imafiira. Cephas anabweza chikalatacho mmene chinalili pa nthawi yosainidwa n'kuika ziwirizo pambali ndi pambali. Zonse zinali chimodzimodzi kupatula malo amodzi. Tsiku ndilo linali litasinthidwa, kulibweza m'mbuyo.

"Uyu munthu ni chipuba," anatero Cephas akuseka. "Asintha deti ya pamwamba, saziba kuti mukati muli ina yamene siichoka. Onani."

Mwiche anawerama. Tsiku lenilenilo ankalidziwa, chifukwa linali la maliro, ndipo analilemba yekha m'mawa womwewo kuchokera pakamwa pa Safia. Usman anamwalira kutangocha, ndipo mwa mwambo wawo anaikidwa tsiku lomwelo dzuwa litapendeka. Siginecha inagwira chikalata dzuwa lili pamutu.

"Na ichi chinanidabwisa," anapitiriza Cephas. "Foni inakana chala. Bayesa, yakana, bayesa, yakana. Baleka pang'ono. Babwela futi, yakana futi. Baleka. Kachitatu yavomela. Bamudala benze na vuto na kwanja?"

"Benze bafa," anatero Mwiche.

Chingamu chinaima m'kamwa mwa Cephas.

Ali pamasitepe Mwiche anaimbira Rex n'kumufunsa ngati akukumbukirabe bwino za munthu amene anamuona ndi maso akusaina. 

"Kambani na loya wanga," anatero Rex, foni n'kuduka.

* * *

Dzuwa lili pamutu tsiku lija, thupi la Usman linali m'chipinda chotseka, ndipo m'chipindamo munali anthu awiri amoyo. Mwiche anayamba ndi amene Safia anali atamuloza chala kale.

Hamdani, mkulu wake wa malemu, anali mmisiri wa zitini kuseri kwa msika wa Mtendere, komwe ankakhoma mbaula ndi ndowa. Anali nkhalamba yowonda, ya ndevu zoyera ndi manja okhakhala. Anamvetsera zonse nyundo ili pamwendo, ndipo Mwiche atatchula za chala, chikope chake chinagwedezeka kamodzi kokha.

"Munaona chiyani m'chipinda muja, bambo?"

"Mwana wanga, ndasambitsa anthu ambiri m'komboni muno. Wosambitsa amaona zomwe mkazi wa munthu sanazione. Ndiye lamulo lathu ndi lakuti chomwe waona pa maliro chimatsala momwemo. Sunena kwa shehe, sunena kwa mkazi wako, sunena kwa boma."

"Alamu anu akuti nyumbayi mumaifuna ndinu."

"Ndamva."

"Simukudziteteza?"

"Kuti ndidziteteze ndiyenera kuvula mng'ono wanga pamaso panu. Ndinamuveka ndekha. Sindimuvulanso."

Mwiche anapsa mtima. Anali atakumana ndi mbava zolira, mbava zolumbira pa Baibulo, koma munthu wokana kudzipulumutsa chifukwa cha mwambo ankamutopetsa kuposa onsewo.

"Chabwino. Za maliro musanene. Nanga za mapazi anu? Munatulukamo m'chipindamo?"

Mkuluyo anaganiza kaye, ngati akuyeza ngati funsolo lili mkati kapena kunja kwa lamulo.

"Mapazi ndi anga. Ndinatuluka. Botolo la mankhwala onunkhira omwe timathira m'madzi omaliza linatayika pansi, ndiye ndinapita kukagula lina kwa Warda."

"Analitaya ndani?"

Hamdani anatola nyundo yake n'kuyamba kuipukuta.

Warda, mayi wogulitsa sanda ndi zofukiza pafupi ndi mzikiti, sanachedwe kuvomera. "Ee, banabwela, manja yonyowa, bakupuma monga bathamangisiwa na galu. Koma nthawi musanifunse, ba Sajeni. Ine pa malilo ya ba Usman nenze nalila chabe." Atatsala pang'ono kutembenuka anawonjezera kuti, "Banatumanso munthu pambuyo pake kuzatenga thonje ina. Nenze nadabwa, chifukwa yamene nimapasa imakwana munthu mmodzi."

Umboni umenewo sunamutsuke Hamdani. Munthu akhoza kupita kumsika n'kubwerako n'kuchitabe choipa. Madzulo amenewo Mwiche anamutengera ku polisi n'kumutsekera m'selo limodzi ndi zidakwa ndi anyamata oba mafoni, poganiza kuti simenti yozizira imatsegula pakamwa. Nkhalambayo inangopempha kuti aiuze komwe kuli kumpoto, kuti idziwe koyang'ana popemphera. Mwiche anapita kunyumba ali ndi manyazi omwe sanafune kuwavomera.

* * *

Mvula inagwa usiku wonse. M'mawa Mwiche anafika kuntchito atanyowa, manja atauma ndi kuzizira. Anafuna kuimbiranso Cephas, koma foni yake inakana chala. Anapukuta pa yunifolomu, inakananso. Anatukwana, n'kufumbata kapu ya tiyi ndi manja onse awiri, ndipo atayesanso foni inatseguka.

Anakhala akuyang'ana chala chakecho. Yakana, baleka pang'ono. Yakana futi, baleka. Mawu a Cephas anakumana m'mutu mwake ndi mawu a mayi uja pamkeka, akunyadira mwana amene anathamangira kukhitchini kawiri konse. Tiyiyo sanamwenso.

Ku Mtendere anapeza pulasitiki ija itafolera theka la chipinda chokha. Makoma anali atanyowa, mipando itaunjikidwa pakona, ndipo pansi panali mabeseni ndi miphika yolandira madontho. Pakati pa zonsezo panali ketulo yakuda ndi mwaye, madzi akugweramo. Safia anali pamkeka womwewo, maso atatupa. Mahdi anakhala pampando pafupi ndi khomo akusewera ndi foni.

"A Hamdani avomera?" anafunsa Safia.

"Sananene kanthu, amayi. Ine ndabwera ndi funso limodzi. Kwanu kuno maliro mumasambitsa ndi madzi otani?"

"Ofunda. Oti ukaviika chigongono usamve kuwawa. Wakufa timamugwira ngati khanda."

"Nanga owira aja anali a chiyani?"

Chala cha Mahdi chinaima pafoni. Mwiche sanamuyang'ane. Anafotokoza pang'onopang'ono, chifukwa panalibe njira yabwino yonenera zimenezi. Ananena kuti siginecha ija inaikidwa mwamuna wake ali pathabwa losambitsira. Ananena kuti foni inakana chala chozizira, ndipo wina, atatsala yekha ndi thupi, anaganiza zochitenthetsa. Madzi oyamba sanakwanire. Achiwiri anali owira kwambiri moti anasupula khungu la womwalirayo, ndiponso la amene anagwira dzanjalo n'kulikanikiza m'madzimo.

Safia anagwira pakamwa. "Dzanja," anatero motsitsa. "Atandiitana kuti ndidzamuone nkhope komaliza, dzanja lamanja linali litakulungidwa ndi thonje. Ndinafunsa a Hamdani, anangoti ndipemphere."

Kenako maso ake anayenda okha, kudutsa mabeseni, kudutsa ketulo, mpaka pa zala zitatu za mwana wake. Mwiche anaona mayiyo akuzindikira, ndipo analakalaka akanakhala kwina. Madontho ankangogwera m'ketulo.

Safia anakonza mpango wake. Atayankhula, mawu ake anali ouma.

"Dzulo ndinasokoneza. Mutu wa munthu wofedwa suyenda bwino. Amene anabwera kudzatenga madzi ndi a Hamdani."

"Amayi!" anatero Mwiche.

"Kawiri konse. Lembani."

"Alamu anu agona pasimenti. Anabwerako kumsika n'kupeza zomwe anapeza, anakulunga dzanja la mng'ono wawo, n'kutseka pakamwa. Pakamwa pomwepo ndi pamene pakusunga mwana wanu mpaka lero."

"Agone," anatero Safia, misozi ikutsika koma nkhope osagwedezeka. "Iwo akalamba. Uyu ndi mmodzi yekha."

Mwiche anaimirira n'kupita kwa Mahdi. Anamugwira dzanja lamanzere n'kulitembenuza. Khungu latsopanolo linazungulira zala mpaka pakati pake, mzere wake wowongoka ngati wa madzi m'ndowa.

"Ekizozi imashoka ku mwendo, mwaiche, siingena pakati pa vikumo. Imilila." Anamusisita m'matumba, ndipo m'thumba lakumbuyo munatuluka kiyi wa galimoto wokhala ndi kapulasitiki kachikasu. "Ba Rex bakupasa motoka, iwe wabapasa nyumba ya bamai bako. Manje ba Rex bali na loya. Iwe uli na ndani?"

Ulemu wonse uja unachoka pankhope pa mnyamatayo ngati utoto wokokoloka ndi mvula.

"Nyumba inali izakhala yanga futi! Nenze nizayembekeza mpaka liti, nikugulisa misomali mu shopu monga kapolo? Bafa bafa, chala chenze chizaola chabe mu manda."

"Mahdi, khala chete," anatero Safia. "Usanene kanthu, mwana wanga. Ndanena kale kuti ndi a Hamdani."

Mnyamatayo anayang'ana unyolo womwe Mwiche anali atatulutsa, kenako anayang'ana amayi ake. Ankaganiza mofulumira, ndipo zimene anapeza anazinena mosachita chibwibwi.

"Ba Sajeni, sinenze neka. Bamama benze baziba vonse. Ni beve bananipasa foni ya ba baba, ni beve banafaka ketulo pa mbaula. Munthu angabilise manzi kabili osafunsa? Na imwe mwabamvela mweka bakunama manje manje apa. Ngati nipita, tipite tonse."

Mwiche anali atamva mabodza ambiri pa moyo wake, koma limeneli linaposa onse. Choipa kwambiri chinali chakuti likanatha kugwira ntchito. Mayiyo anali atanamadi pamaso pa wapolisi, ndipo ananamira mwana yemweyu. Anatseka unyolo m'manja mwa Mahdi mwamphamvu kuposa mmene zinkafunikira.

Safia anamuyang'ana mwanayo nthawi yaitali, ngati mmene munthu amayang'anira mlendo amene walowa m'nyumba osaodira. Kenako anadzuka movutikira, mawondo akulira, n'kutola ketulo ija. Anakhuthula madzi amvula pansi pomwepo, pasimenti ya mwamuna wake, n'kuipereka kwa Mwiche.

"Ndi imeneyi. Amene anabwera ndi iyeyu, kawiri. Ine ndinakupiza moto."

"Amayi, khalani pansi. Ndikudziwa kuti muli pa eda. Zonse ndidzalembera muno, simukuyenera kutuluka."

"Tiyeni mukawatsegulire alamu anga," anatero Safia akufunafuna nsapato zake pansi pa mipando. "Ndikawapepese ndi pakamwa panga. Muno mulibenso woti ndimusungire nyumba."

Anatsogola yekha. Mayi amene anakana kusuntha pamene ankamusasulira denga anadutsa pa malata aja, n'kutsegula geti, osatembenuka kuyang'ana khomo lomwe analisiya pululu. Pamsewu anthu anali atasonkhana kale, ndipo atangomuona onse anakweza mafoni m'mwamba.